Mpira Woyera Kumsana Kwanga

Lolemba, pa 7 Epulo

Andigoneka m'kachipinda kodikirira opaleshoni. Mayi a kunyumba andigulira kope ili kuti pakamwa panga papumeko, ati odwala sangapirire nkhani zanga za tenisi monga apiririra iwo zaka zonsezi.

Ntchito yanga ndi kuyang'ana mzere. Anthu akamasewera tenisi, ine ndimaima kumapeto kwa bwalo, manja pamaondo, maso pamzere woyera. Mpira ukagwa kunja ndimatambasula mkono n'kukuwa kuti "Auti!" Dzinali linandikanirira, moti adzukulu omwe amati agogo Auti. Ukagwa mkati ndimalozetsa zikhatho pansi, osalankhula. Pali chizindikiro chachitatu, choika manja kumaso, kutanthauza kuti sindinaone. Chimenecho ndakhala ndikudzitama kuti ndi cha anzanga aulesi. Loweruka lapitali, mpira uli m'malere, m'diso langa lakumanja munatsika chinthu chakuda ngati katani, mzere n'kusowa. Woweruza wamkulu pampando wake wautali uja anandiyang'ana kudikira yankho, ndipo ine ndinaika manja kumaso. Ndinachita manyazi kwambiri.

Adokotala ati kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kamene kamajambula zomwe timaona, kang'ambika n'kumatuka. Mawa akakonza, kenako adzathira mpweya m'diso kuti thovu lake lizikankhira kansaluko pamalo pake mpaka kamatirire. Vuto n'lakuti thovu limathawira m'mwamba. Kuti likankhe kumbuyo kwa diso, nkhope yanga iyenera kuyang'ana pansi sabata yathunthu, usana ndi usiku.

"Mukamadzutsadzutsa mutu, bambo, thovu lichoka pamalo, kansalu kamatukanso. Kachiwiri sindilonjeza kanthu."

"Nanga mzere ndidzauonanso?"

"Zimenezo mufunse khosi lanu."

Ena amakagonera kwawo, koma ine shuga wakwera, komanso mayi anong'oneza adokotala kuti kunyumba sindimvera munthu. Ndamva zonse. Chadwala ndi diso, makutu ali bwinobwino.

BP 150/90. Shuga 11. Mantha alipo.

Lachiwiri, pa 8 Epulo

Zatheka. Diso alimata. Andisamutsira kuwodi ya amuna nditagona chafufumimba. Chipumi chili papilo kumapeto kwa bedi, nkhope ikulendewera, kope lili pakampando pansipa. Mapilitsi awiri opha ululu. Mutu ukulemera.

Lachitatu, pa 9 Epulo

Anthu a muno ndikuwadziwira kumapazi. Nsapato zoyera zotha chidendene chimodzi ndi asisita. Zofiirira zolira kwee kwee ndi adokotala. Patapata wabuluu, bedi la kumanzere, ndi bambo wina wometa tsitsi. Ali ndi chilonda m'diso ndipo amamudontheza mankhwala ola lililonse. Mapazi aakulu ong'aluka zidendene, bedi loyang'anana ndi langa, ndi wabutchala. Mawu ake ndi a munthu wozolowera kuitana makasitomala kutsidya kwa msewu.

Mankhwala odontheza ndi amitundu itatu, kanayi patsiku. Pamenepo pokha ndi pomwe amandilola kupendeketsa mutu pang'ono. Kuchimbudzi ndimapita chowerama ngati munthu wotaya singano. Tiyi ndikumwera kapaipi.

Wometa anafunsa za ntchito yanga, ndiye anadziputa dala. Ndinamuuza kuti pa tenisi sitiwerenga wanu, thu, fili. Poyinti yoyamba ndi fifitini, yachiwiri sate, yachitatu fote, yachinayi watenga gemu. Wopanda kanthu timati ali pa lavu.

"Fifitini, sate, fote? Osati fote faifi? Faifi inayo wadya ndani?"

"Palibe akudziwa bwino, achimwene. Ena amati ankawerengera pankhope ya wotchi, koma umboni wake palibe."

"Masewero a anthu olephera masamu," anatero wabutchala.

Ndikuwayankha, asisita anandipeza mutu utadzuka. Iwo si munthu wokalipa. Anangoima n'kunena kuti, "Lavu, fifitini. Khosi likutsogola." Wodi yonse kuseka. Kuyambira lero ndiye lamulo: akalowa n'kundipeza nkhope ili pansi, poyinti yanga, akandipeza ndadzutsa, poyinti ya khosi. Ine woweruza anthu, lero ndikuweruzidwa ndi nsapato zoyera.

Lachinayi, pa 10 Epulo

Tsiku loipa. M'mawa asisita andipeza ndagona chagada, ndikuliza mkonono, nkhope kudenga. Palibe akudziwa kuti ndinatembenuka nthawi yanji. Nsapato zofiirira zinabwera mothamanga. Adokotala anaunika nthawi yaitali.

"Kakadali pamalo pake. Mwapulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma musayesenso."

Mayi atamva anasiya nthochi palokala n'kubwerera kunyumba. Masana anabwera ndi malaya anga akale, n'kundiveka. Kumsana, pakati pa mapewa, kunali chinthu chozungulira. Asokerera sokosi, mkati mwake muli mpira wa tenisi, kuti ndikafuna kugudubukira chagada uzindibaya.

"Nzeru zabwino," ndinatero. "Mpirawo mwautenga m'chikwama changa?"

"Chikwama chanu munachisiya kubwalo. Ndatenga wa m'kabati."

Ndikanakhala woima ndikanagwa. M'kabati muli mpira umodzi wokha, woyera. Anandipatsa mkulu amene anandiphunzitsa ntchito, malemu, tsiku limene ndinaima pamzere koyamba. Ndi wa nthawi imene mipira ya tenisi inali yoyera, asanaisinthe mu 1972 kukhala yachikasu kuti izioneka bwino pa tivi. Mpira umenewo sagwira mwana, sagwira mlendo, fumbi ndimapukuta ndekha.

"Mayi, mpira umenewo mwauika m'sokosi?"

"Yochapa."

"Mukudziwa kuti saupanganso?"

"Nanga diso akupangabe? Mpirawu wakhala ukudya tulo m'kabati mwanga zaka zonsezi. Ugwireko ntchito."

Ndinafuna kudzutsa mutu kuti aone mkwiyo wanga, koma nsapato zoyera zinali pakhomo. Ndinakwiyira pansi. Sate, sate.

Lachisanu, pa 11 Epulo

Mpira wandibaya kangapo, ndipo ndadzuka ndikadali chafufumimba. Sindinawauze mayi kuti anakhoza. Akudziwa okha.

Shuga 8. Zikope zatupa chifukwa chowerama, asisita ati n'zoyembekezereka. Mpunga ndi nkhuku zochokera kunyumba, ndadyera pakampando ngati mphaka.

Anzanga ayamba kufuna nkhani yodabwitsa imodzi patsiku. Lero ndawauza za zingwe za laketi, chomenyera mpira chija. Zabwino kwambiri, zimene akatswiri ena amagwiritsabe ntchito, amapanga ndi matumbo a ng'ombe, ndipo laketi imodzi imadya matumbo a ng'ombe ziwiri kapena zitatu.

Mapazi aakulu aja anatsika pabedi.

"Bwerezani, akulu. Matumbo?"

"Matumbo."

"Omwe ine ndimaikira makasitomala pamwamba ngati basela?"

"Omwewo."

"Ha! Ndafera usiwa ndili pachuma."

Titatha kuseka, wometa anamufunsa chimene akudikira muno. Wabutchala anati nayenso anapangidwa opaleshoni ngati yangayi mwezi watha, n'kumulola kukagonera kunyumba. Tsiku lachitatu anamva kuti wantchito wake akudula nthiti mokhota, makasitomala akudandaula. Anadzuka, kuvala epuloni, kukaima pabutchala tsiku lonse akudula nyama. Madzulo ake katani yakuda inabwerera. Tsopano akudikira kuti kutupa kuchepe ayesenso, koma adokotala amuuza kuti asayembekezere zambiri.

"Nthitizo ndinazidula bwino kwambiri," anatero. Palibe anaseka.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chipumi ndachikanikiza papilo tsiku lonse.

Loweruka, pa 12 Epulo

Diso likupweteka mpaka kumano. Puleshala ya m'diso yafika 31. Awonjezera mankhwala odontheza ndi piritsi lina lochititsa dzanzi kuzala. Msana, mapewa, khosi, zonse zikulira. Tiyi sakukoma.

Ndinati lero nkhani palibe. Wometa anaumirira. Ndinawauza kuti masewero aatali kwambiri m'mbiri ya tenisi anatenga maola oposa 11, anthu awiri kumenyana masiku atatu. Wabutchala anati, "Amenewo anali ndi mipando yopumira. Inu mwawaposa kale." Ndinalira pang'ono. Ubwino wogona chonchi, misozi imagwera pansi popanda woiona.

Lamulungu, pa 13 Epulo

Puleshala 22. Ululu wachepa. Lero ndilemba zambiri.

Wometa anamva kuti masana pa tivi ya muwodi, imene ili pamwamba pakhoma, aonetsa fainolo ya mpikisano wina wa kunja. Anatuma akazi ake kukatenga magalasi kushopu kwake. Adokotala analola, bola mutu usasunthe ndipo ndione ndi diso lakumanzere lokha.

Anayamba ndi galasi limodzi pansi, loyedzamira botolo la madzi. Tivi ndinaiona, koma osewera ankathamanga chadodolido ngati ntchentche kudenga. Wometa anati ndisadandaule, iye wakhala akuonetsa anthu nkhongo zawo moyo wake wonse. Anaika lachiwiri, kusunthasuntha, kutchinjiriza ndi nsapato yanga, mpaka anthu aja anaima ndi miyendo. Ndinasangalala ngati mwana.

Bwalo linali la dothi lofiira. Ndinawauza kuti si dothi wamba, pamwamba pake amathira njerwa zopera. Ndinawaonetsa kuti neti ndi yaifupi pakati kusiyana ndi m'mbali, n'chifukwa chake ochenjera amadutsitsa mpira pakati. Wometa anafunsa chifukwa chimene woseva, woyamba kumenya mpira uja, amatenga mipira itatu, kuiyang'ana, n'kutaya umodzi. Ndinati amafuna wa ubweya wogona, chifukwa wanyankhalala suthamanga.

"Ndiye kuti mpira nawo umafuna wometa," anatero.

Ndinawaphunzitsanso lamulo lalikulu la ntchito yanga: mzere ndi gawo la bwalo. Mpira ukakhudza mzere, ngakhale ndi kaubweya kamodzi, walowa.

Pofika seti yomaliza, chigawo chotsiriza cha masewerowo, wodi yonse inali itasanduka akatswiri. Wabutchala ankasapota wamfupi, wometa wamtali. Kenako mpira wina unagwa kumapeto kwenikweni. Woyang'ana mzere anakuwa kuti auti, wamfupi anakana, ndipo woweruza wamkulu anatsika pampando wake kukaona chidindo, chifukwa pabwalo lofiira mpira umasiya chidindo pomwe wagwa. Kamera inayamba kuyandikira. Wabutchala analumpha pabedi ndi chisangalalo, phazi lake n'kumenya botolo. Galasi linagwa chafufumimba ngati ine. Ndinatsala ndikuyang'ana simenti.

"Akuonetsa! Akuonetsa pafupi!" anakuwa wometa. "A Auti, taonani msanga, wakhudza kapena sunakhudze?"

Sindinaganize n'komwe. Khosi la munthu amene wayang'ana mizere moyo wake wonse lili ndi nzeru zakezake. Chipumi chinali chitachoka kale papilo. Kungokweza pang'ono basi, kuona chidindo, kuweruza, kubwerera.

"Akulu!" Anali wabutchala, koma mawu ake anali otsika, osati aja oitanira makasitomala. "Ine diso ndinasinthanitsa ndi nthiti za ng'ombe. Inu musinthanitsa ndi mpira wa eni ake?"

Ndinabweza chipumi papilo. Kenako ndinalowetsa manja onse awiri pansi, n'kuwaika kumaso.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa wometa.

"Sindinaone."

Sabata yatha chizindikiro chimenechi chinandichititsa manyazi. Lero ndachipereka ndi mtima wonse, ndipo ndanyadira. Nsapato zoyera zinali pakhomo nthawi yonseyi.

"Gemu, a Auti," anatero asisita.

Wapambana ndani pa tivi sindinafunse.

Lolemba, pa 14 Epulo

Puleshala 18. Shuga 7. Khosi lagonja, lero silinapeze poyinti ngakhale imodzi. Mayi abweretsa malalanje, tagawana tonse. Ati galasi la wometa lang'aluka pakona. Iye wati azidzauza makasitomala kuti linavulala pa fainolo.

Lachiwiri, pa 15 Epulo

Adokotala aunika, kuzungulira, kuunikanso. Nsapato zawo zinasiya kulira.

"Kamatirira mbali zonse. Dzutsani mutu, bambo. Pang'onopang'ono."

Chizungulire chinandigwira, koma ndinakhala tsonga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine lero ndaona nkhope za anzanga. Wometa alibe tsitsi ngakhale limodzi, mutu uli nyezinyezi. Wabutchala, mwini mapazi ndi mawu aja, ndi kamunthu kakafupi kondifika m'khwapa. Asisita ndi aang'ono kuposa mwana wanga wamkazi, ndipo ine ndakhala ndikuwaopa ngati apongozi. Tinayang'anana n'kuseka mpaka odwala a chipinda china anabwera kudzasuzumira.

Mayi anangondigwira masaya n'kunena kuti ndakalamba. Maso awo anali ofiira.

Diso lakumanja likungoona mbuu ngati ndili pansi pa madzi. Ati ndi thovu, lizichepa lokha. Chagada n'choletsedwabe, choncho mpira ukhalabe kumsana. Ndikhala muno mpaka puleshala ikhazikike.

Lachinayi, pa 17 Epulo

Ndadzuka ndi mzere m'diso! Wakuda, wopingasa, umagwedezeka ndikasuntha mutu ngati madzi a m'beseni. Pamwamba pake ndikuona denga ndi babu. Pansi pake mbuu. Ndinaitana asisita mwamantha. Ati ndi malire a thovu, tsiku lililonse uzitsika, kenako thovulo lidzasanduka kadontho kozungulira n'kutha.

Wometa wati anthu ena akadwala amaona angelo, ine ndaona mzere. Wafunsa nkhani ya lero. Ndati tenisi inayamba popanda laketi, anthu ankamenya mpira ndi chikhatho. Wabutchala wati ameneyo ndiye tenisi amene akanamutha.

Lolemba, pa 21 Epulo

Anditulutsa lero. Puleshala 16. Thovu latsala kampira kakuda kumunsi kwa diso, kamadumphadumpha ndikamayenda. Pabolodi la zilembo ndawerenga mpaka mzere wachitatu kuchokera pansi. Adokotala ati pakatha milungu ingapo, ndi magalasi atsopano, ndikhoza kubwerera kubwalo. Ndinathokoza, koma mtima sunakhazikike. Zilembo zimaima n'kumakudikira. Mpira sudikira munthu.

Ndinanena zimenezi muwodi tikulongedza. Wometa ndi asisita anayang'anana. Posakhalitsa asisita anamata pulasitala woyera pasimenti, kuchokera pabedi la wabutchala mpaka pakhoma, kumapeto kwa wodi. Mayi anasomola sokosi n'kutulutsa mpira wanga. Kuyera kuja kunatha, wachita utuwa ndi thukuta langa. Anandiimika pakhomo, manja pamaondo. Mayi anaima kumbuyo n'kunditseka diso lakumanzere ndi chikhatho.

"Musasuzumire," anatero. "Ndimakudziwani."

Wometa anagubuduza mpira. Woyamba unapitirira kutali ndi mzere.

"Auti!" Odikirira odwala pakhonde anadzidzimuka.

"Umenewo ngakhale ine wa diso limodzi ndauona," anatero wabutchala. "Patseni kuno."

Anaugubuduza mwaulemu ngati akuika nyama pasikelo. Unayenda, kuchepetsa liwiro, kudutsa pulasitala, n'kuima kuseri kwake. Mpira wotuwa, mzere woyera, simenti yotuwa. Tsopano ndamvetsa bwino chimene anaisinthira kukhala yachikasu. Kwa aliyense unali kunja, ndipo wometa anali atayamba kale kutambasula mkono. Koma ine, ndi diso lomwe lija linatsika katani, ndinaona kuti pakati pa mpira ndi pulasitala palibe mpata. Ndinalozetsa zikhatho zonse ziwiri pansi.

"Walowa."

"Bodza!" anatero wometa. Anagwada, tsaya pasimenti, n'kuyesa kudutsitsa chipeso pakati. Chipeso chinakana. Anayesa kapepala ka mankhwala, nako kanakana. Anadzuka pang'onopang'ono akupukuta maondo.

"Wakhudza. Ndi kaubweya."

Phokoso lake! Wabutchala anandinyamula m'chiuno, kaya mphamvu anazitenga kuti, asisita akukuwa kuti asandigwedeze. Chikhatho cha mayi chinali chikadali padiso langa. Anati, "Gemu, seti, ndi chinacho chimene mumanena chija." Zaka zonsezi ndimayesa samvetsera.

Wabutchala alowa opaleshoni mawa m'mawa. Adokotala ati akagona chafufumimba mokhulupirika, mwina kuwala pang'ono kubwerera. Ndinatola mpira, kuupukuta ndi malaya, kuuyang'ana. Mkulu amene anandipatsa uja ankati mpira wosagwa pansi sudziwika ngati uli ndi mpweya. Ndinaupereka kwa mayi pamodzi ndi sokosi.

"Muli ndi singano m'chikwamamo?"

Anali nayo. Anakhala pabedi n'kusokerera kumsana kwa malaya a wabutchala. Iye anakana kawiri, kachitatu n'kungoti, "Ndidzabweza, akulu."

"Mudzabweze mukuuona ndi maso onse awiri. Mukadzutsa mutu, ndidzamva ndili kwathu."

Wometa walonjeza kuti awerenga mapoyinti. Wati faifi yosowa ija aifufuzabe.

Lachisanu, pa 25 Epulo

Kunyumba. Mankhwala odontheza katatu patsiku. Dzulo tinapita kukaona wabutchala. Anatidziwira kumapazi. Akutsogola fote, lavu.

Kampira kakuda ka m'diso kanali ngati nyemba dzana, dzulo ngati njere ya therere, kakugubuduka kumunsi kwenikweni. M'mawa uno, ndikumwa tiyi pakhonde, ndinayang'ana pansi kuti ndikapeze. Ndinayang'ana kumanzere, kumanja. Kanali katatuluka. Ndinaona chingwe choyanikira zovala kuyambira pamtengo mpaka pakhoma, chowongoka, chopanda banga.

Mkono unatambasuka wokha.

"Auti!"

Kukhitchini kunagwa kapu. Mayi anatulukira pakhomo, dzanja pachifuwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Basi," anatero. "Mtendere watha m'nyumba muno."